Magazi Anga Sanapite kwa Wodwala

Wokondedwa mlongo wanga,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino, iwe pamodzi ndi alamu anga. Miyendo ija ikutupabe? Mapiritsi owonjezera magazi ukumwadi, kapena ukuwabisa pansi pa pilo monga unkachitira tili ana? Kuno tonse tadzuka. Alamu ako ali bwino, ana akupita kusukulu, wamng'onoyu dzino lachiwiri laguluka. Amayi akuyenda okha, bondo lija lasiya kuwavuta.

Usadabwe kuti ndalemba kalata foni ilipo. Mwezi uno ndakuimbira katatu nkhani ili pakamwa, ndipo katatu konse tinathera kukangana za utoto wa kabedi ka mwana. Iwe ukayamba kuseka, ine mawu amabwerera m'mimba. Ndiye khala pansi, uwerenge mpaka kumapeto usanandiimbire.

Kuntchito kwathu kuli mayi wina wolandira alendo, munthu wosadziwa kukhala pansi. Chaka chino anapachika bolodi pafupi ndi ketulo ya tiyi, n'kunena kuti aliyense azichitako kanthu kakang'ono kothandiza anthu otizungulira, akachita azilembedwa dzina. Wina anabweretsa nsapato zomuchepera mwana wake. Dalaivala wathu Lachiwiri lililonse amanyamula bambo wina woyendera ndodo n'kukamutsitsa pachipatala, popeza ndi njira yake yomweyo. Anzanga a mu labu yathu yoyezera madzi Loweruka lina anakachotsa zinyalala mu ngalande ya kuseri kwa sukulu.

Iwe ukundidziwa. Nsapato ndinatsuka, ndinapaka polishi, ndinafika nazo mpaka pabolodi, kenako n'kubwerera nazo kunyumba poona kuti pansi pake m'poterera, mwana wa eni ake angagwe nazo. Ku ngalande ndinapita ndi sopo ndi magolovesi a anthu khumi ndi awiri. Ndinayamba kufotokoza za tizilombo tokhala m'madzi oima, anzanga n'kumaliza ntchito ine fosholo ndisanaigwire. Kuyambira tsiku limenelo amanditchula kuti a Mwinatu, ati chifukwa mawu anga onse amayamba ndi "mwinatu". Bolodi linadzaza mayina, langa palibe.

Ndiye tsiku lina kunabwera galimoto ya otenga magazi, anayala mabedi atatu m'chipinda cha misonkhano. Ndinati ichi chokha sindingachilakwitse, ine ndingogona, odziwa ntchito achite zawo. Fomu ndinaiwerenga kawiri. Ndinafunsa namwino ngati singanoyo inali yatsopano, iye n'kuitsegula pamaso panga akuseka. Zinatenga mphindi khumi zokha, n'kundipatsa juwisi ndi bisiketi. Mlongo wanga, ndinatuluka m'menemo ndikudzimva ngati ndatalika. Mayi uja analemba dzina langa ndi zilembo zikuluzikulu.

Patapita masabata atatu anandiimbira kuti ndikaonane ndi dokotala wawo. Pafoni sanafune kufotokoza. Nditafika anatseka chitseko, n'kundiuza kuti magazi anga sanapite kwa wodwala aliyense. Anapezamo kachilombo kowononga chiwindi pang'onopang'ono, kaja amati hepataitisi B. Si kachilombo ukuganizako ayi, kameneko anayeza, ndilibe. Zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikuyeza madzi akumwa a anthu ena, botolo ndi botolo, koma magazi anga omwe sindinawaganizireko.

Usayambe kulira. Chiwindi anandiunika, akuti pakali pano chili bwino, ndizingopita kukaonedwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Anthu ambiri amakhala nako zaka ndi zaka osadziwa.

Alamu ako nditawauza anakhalira kutsuka mbale zotsuka kale tsiku lathunthu. M'mawa mwake anandiyang'ana n'kunena kuti munthu amene amayang'ana uku ndi uku kanayi asanawoloke msewu wopanda galimoto sangakwanitse chibwenzi, mkaziyo angathawe mafunso. Tinaseka, kenako banja lonse tinakayezetsa. Iwo alibe, ana alibe. Iwo awabaya katemera, anawa anabayidwa kale ali makanda.

Dokotala anandifunsa za kwathu. Anati nthawi zambiri munthu ngati ine amakatengera kwa mayi ake pobadwa, choncho onse a mimba imodzi ayenera kuyezetsa. Anafunsanso ngati m'banja mwathu munamwalirapo munthu ali ndi maso achikasu ndi mimba yotupa. Ndinangoona nkhope ya malemu amalume. Ukukumbukira mmene anthu ankanong'onezana kuti ankamwa mobisa? Munthu woti fungo la mowa lokha linkamudwalitsa mutu.

Amayi ndinawatenga powanamiza kuti tikukaonetsa bondo. Zoona ndinawauza tili pabenchi, nambala yathu itatsala pang'ono kuitanidwa. Sanakwiye, anangokwinya okha dzanja la malaya. Nawonso ali nako. Chiwindi chawo chili ndi zipsera pang'ono, ndipo ayamba mankhwala, piritsi limodzi m'mawa uliwonse. Ndinawagulira kabokosi ka zipinda zisanu ndi ziwiri kuti asamasokoneze masiku, ndipo ndimawaimbira ndisanavale gauni la ntchito.

Tinabwerera, n'kuima pageti. Ndikuzimitsa galimoto Amayi anati, "Ine ndimati ndinakupatsani moyo wokha. Mlongo wako usamuuze mpaka achire. Mwamuna wake ndi apongozi ake adzamuyang'ana bwanji?"

Ndinawalonjeza. Lonjezo limenelo ndalisunga masabata asanu, ndipo ndilo ndikuliphwanya lero.

Masabata amenewa sindinakhale munthu. Ndimaima botolo lili m'manja osakumbukira ngati ndalemba nambala yake. Lachitatu ndinayeza madzi amodzimodzi katatu, mnzanga mpaka anandilanda botolo n'kunditumiza kukamwa tiyi. Dzulo ndinabwerera kwa dokotala uja kukafunsa ngati kudikira kuli ndi vuto lililonse. Nditatchula kuti ndiwe woyembekezera, anavula magalasi. Anati ngati uli nako, mwana ayenera kubayidwa katemera tsiku lomwelo limene wabadwa, lisanadutse tsiku lathunthu, ndipo azimayi ena amapatsidwa mankhwala m'miyezi yomalizayi. Zikachitika motero mwana nthawi zambiri amapulumuka. Tikadikira kuti uchire kaye, ndiye kuti tachedwa. Mwa kuwerenga kwanga watsala ndi masabata asanu ndi atatu, koma ana ena sadikira tsiku lawo.

Mwina ulibe. Mwinanso anakuyeza kale kusikelo, chifukwa kwina amayeza, kwina sayeza. Usangomva zapakamwa, uone pakhadi ndi maso ako. Dzina la matendawa ndalemba ndi zilembo zazikulu kuseri kwa pepalali, ukangowaonetsa azamba. Upite sabata ino, osati yamawa. Akakupeza nako, ufunse ngati katemerayo amakhala naye pomwe ukachirirepo, ndipo akakuyankha mozungulira, ufunsenso. Undiseke mmene ungathere kuti ndine a Mwinatu, bola upite.

Alamu anga uwapatse kalatayi awerenge yonse, osadumpha. Palibe chochititsa manyazi pano. Matendawa sapatsirana podyera mbale imodzi kapena pogwirana chanza, ndipo ngati uli nawo unabadwa nawo monga ine. Alamu anga nawonso akayezetse. Akakhala ndi mafunso andiimbire, mayankho ndili nawo kope lathunthu. Apongozi ako akafuna kudziwa, ndiyankhula nawo ineyo, iwe usadzivutitse.

Magazi sindidzaperekanso, anandiuza mosabisa. Galimoto ija ikubweranso mwezi wamawa, ndipo ndapempha kuti ndizithira juwisi ndi kukhala pafupi ndi amene akuopa singano. Mayi wa bolodi uja wavomera, koma akuti ndisatsegule pakamwa za tizilombo. Alamu anga akapezeka kuti ali bwino, tsiku lina akaperekeko botolo limodzi m'malo mwanga. Pali munthu amene ankayembekezera langa lija.

Ukwiya, ndikudziwa, ndipo uli ndi chifukwa. Masabata asanu ndi ambiri kwa munthu wa pakati. Ndinkaopa kukhumudwitsa Amayi, ndinkaopa kukudzidzimutsa, ndinkaopa kuti mwina ndikukulitsa nkhani monga mwa nthawi zonse, masiku n'kumapita. Ukwiyire ine. Amayi usawakalipire, iwowa sankadziwa kanthu potibereka, ndipo chikuwadya kale.

M'mawa uno ndinadzera kwawo ndisanapite kuntchito. Ndinawapeza akusita, n'kuwauza zonse zimene dokotala ananena za mwana, ndiponso kuti ndikulemba kalatayi kaya avomere kaya akane. Anandifunsa kuti kusamvera ndayamba liti, ine mwana amene ndinkapempha chilolezo chopitira kuchimbudzi. Anasita kolala imodzi nthawi yaitali. Kenako anazimitsa simbi n'kunena kuti, "Uitumize yachangu, ifike mawa. Umuuze kuti akatha kukwiya andiimbire, ndimuuze ndekha pepani."

Mulungu akusunge iwe ndi ali m'mimbayo. Undiperekere moni kwa alamu anga ndi kwa apongozi ako. Alamu ako ndi ana akupereka moni. Ukatuluka kwa azamba undiimbire uli pakhomo pomwepo, ngakhale ndili m'kati mwa ntchito ndiyankha.

Ndine mlongo wako,
wamkulu m'mimba mwa Amayi.