Mlungu Umene Abrahamu Anapempha Manda

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji?

Ndinali mu minibasi pa Ginnery Corner pamene achemwali anaimba foni kuti mwatisiya. Linali Loweruka, tsiku lathu. Paja maso atayamba kukuvutani, ndinkabwera kudzakuwerengerani gawo la Malemba limene Ayuda amawerenga mlungu umenewo, monga ndinaphunzirira m'buku lina la miyambo yawo. Munati, "Anthu odekha amenewo, sadumpha tsamba." Tinalekezera pamene Abrahamu anakwera phiri kukapereka Isake nsembe, inu n'kumenya tebulo: "Bambo ameneyu, mkazi wake anamuuza?"

Gawo lotsatira ndinalephera kulitsegula. Mtima unali pa amalume. Iwo ankafuna tikakuikeni ku Milange, ku Mozambique, kumene agogo anachokera, ine ndinakakamira kuti mugone kuno ku Soche. Chichokereni pamaliro sayankha foni yanga, ndipo ndakhala ndikudzifunsa ngati ndinakulakwirani.

Dzulo ndinaliwerenga gawolo ndekha, mokweza. Amayi, limayamba ndi imfa ya Sara, koma Ayuda amalitcha Moyo wa Sara. Abrahamu analira, kenako anadzuka n'kukaima pamaso pa eni dziko. Anavomera kuti ndi mlendo, napempha malo oikapo mkazi wake. Sanamunyamule kubwerera naye kumene anabadwira. Pamanda amenewo m'pamene ana ake anayambira kunena kuti kwathu. Ndinakumbukira mmene munkayankhira anthu akakunenani kuti ndinu obwera: "Wobwera ndani? Mango mukudyawa ndinadzala ndine." Simunkakweza mawu, koma munthu ankabwerera atazizira. Ndikudziwa kuti apa pokha mukanamuyamikira Abrahamu.

Kuno mvula yayamba. Chimanga cha kuseri kwa nyumba chamera, ngakhale nkhuku za aneba zafukula mizere ina. Apongozi anu a ku Chitawira, akazi a achimwene, achira: mwana wamkazi, mphumi ndi yanu ndithu. Denga la kukhitchini likudonthabe pomwe paja.

Amalume ndawatumizira mawu kudzera kwa achemwali kuti chiliza tidzamanga konkuno, ndipo pansi pa dzina lanu tidzalembapo Milange. Sanayankhe. Ndiwadikira, koma mtima wanga wakhala pansi. Mwagona pa dziko lanu, ulendo wapansi kuchokera pakhomo, ndipo udzu sudzakula pamenepo ine ndilipo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tiyamike