Matewera a Alamu

Lamlungu, 3 Ogasiti

Alamu anga, achemwali awo a bambo a Kabwana. Ndayamba ndi iwowo kuti ndisadzaiwale amene anaiputa.

Matewera anabweretsa okha sabata yatha, ansalu, otsala a ana awo. Sindinawapemphe. Kungoti ntchito yowotcherera ya bambo a Kabwana yachepa, otaya aja sitingawakwanitsenso. Ndinalandira ndi manja awiri, ndinathokoza.

Lero abwera kudzationa, apeza ndayanika pachingwe cha tonse kuseri kwa mdadada. Moni osapereka. Anaanula limodzi n'kulitambasula padzuwa ngati akusankha kaunjika. Amayi a mapasa ali pampopi, eni nyumba ali pakhonde.

"Alamu, awa mwachapa kapena mwangowaonetsa madzi?" Kenako: "Kusekondale kuja za sopo simunafikepo?"

Amayi a mapasa anaseka mpaka ndowa kusefukira. Alamu anaanula onse, kuchapanso m'beseni langa, ndi sopo wanga, ine nditaima ngati mlendo pakhomo panga. Pakamwa pangapa anthu amapaopa. Lero zii.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Kupinda thewera nakonso ndi sukulu. Ndikapinda mothina mwana akulira, ndikalekerera zonse zikudutsira m'mbali. Lero wanyowetsa kabudula wapulasitiki, chitenje changa, matiresi. Phini ndimayiopa. Ndimaika zala zanga pansi kuti ibaye ine, ndipo sikulephera.

Chikasu cha pamatewera sichikuchoka. Ndatikita mpaka timfundo ta zala kusupuka. Ndikayanika ndimaika matewera pakati, uku ndi uku zofunda, kuti odutsa asaone.

Ndawadandaulira bambo ake. Ati, "Achemwali ndi mmene alili, samaganiza zoipa." Samaganiza kumene. Mbali imeneyo ndavomera.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Dzulo ndinagula botolo la mankhwala oyeretsera zovala, aja onunkha ngati m'chipatala. Ndalama inali ya ndiwo, palibe amene wafunsa. Pabotolo alemba kuti kachivindikiro kamodzi m'ndowa. Kachivindikiro kamodzi kangachotse mawu a alamu? Ndinangothira. Ndinaviika dzulo, ndachapa lero.

Pampopi madzi akutuluka ngati misozi, mzere mpaka kuchimbudzi. Ndatsukuluza kamodzi basi.

Koma kuyera kwake! Mbee, mpaka maso kuwawa. Ndayanika kutsogolo kwenikweni, zofunda kumbuyo. Amayi a mapasa ati, "Amake Kabwana, lero ndiye mwatichititsa manyazi." Ndinangoyankha kuti ena timaphunzira msanga. Ndakhala pakhonde masana onse kuyang'ana kugeti. Tsiku loti alamu abwere ndi lero, sanabwere.

Lolemba, 11 Ogasiti

Kabwana sakugona. Akakodza akulira mokuwa, miyendo akukunga. M'mphechepeche mwafiira, kumatako khungu likunyezimira ngati lathiridwa madzi otentha. Ndapaka mafuta, palibe chasintha.

Nthawi ya otaya zimenezi kunalibe. Zayamba ndi matewera a alamu. Ndawauza bambo ake mosapsatira: nsalu zakhala zaka m'katoni, ndani akudziwa kuti munali mphemvu, makoswe, nkhungu? Ana awo aja paubwana ankangokandakanda. Ndinawonjezanso kuti munthu wotaya zinyalala zake kwa m'bale wake n'kumadzitcha wachifundo ine sindimufuna.

Anamuyang'ana mwana nthawi yaitali.

Ndikusintha thewera pafupipafupi tsopano, loyera lokhalokha. Chomwe akuipiraipira sindikuchimvetsa.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Khungu lasupuka. Pena pakutuluka timadzi.

Bambo ake poweruka sanabwere kuno, anapita kusaluni kumene alamu amaluka tsitsi. Abwera nkhope ili gwa. Ati anawalankhula pamaso pa makasitomala, kuti mwana wawo si dzala, ndipo kwathu asadzapondenso. Munthu woti chikwatirane sindinamumvepo akukweza mawu. Achemwali omwe anawalera mayi awo atamwalira.

Ndilembe zoona: ndinakondwa. Nawonso alawe kuima pagulu opanda choyankha.

Mawa kuchipatala.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Anesi anamasula thewera, kuona mwana, kenako kununkhiza nsalu. Anatembenuza nkhope. Kumbuyo kwanga benchi yodzaza azimayi, koma iwo anatsitsa mawu, bola akanakuwa. "Mayi, mukuchapira chiyani?" Ndinatchula. "Mumatsukuluza kangati?" Ndinayang'ana pansi.

"Mwanayu sanatenge matenda kwa munthu. Wapsa ndi mankhwala."

Andipatsa mafuta opaka. Ati botololo ndilisiye, matewera ndiwiritse, nditsukuluze mpaka fungo lithe, zotsalazo dzuwa limayeretsa lokha. Mwana azikhala wosavala masana. Ati chikasu cha pansalu sichinapwetekepo mwana aliyense.

Njira yonse Kabwana ali kumsana akusisima. Thewera lililonse loyera lomwe ndinkamuveka monyadira. Ndi manja angawa.

Bambo ake atafunsa zomwe anena kuchipatala, ndinati, "Ati tiwiritse matewera." Bodza palibe pamenepo. Iwo ati, "Mwaona, analidi ndi tizilombo." Ndinapita kukasonkha moto.

Loweruka, 16 Ogasiti

Botolo ndalibisa kuseri kwa thumba la makala. Kulitaya kudzala ndikuopa, ana a pano amatola chilichonse n'kumayenda nacho.

Kabwana wagona pamkeka ali mbulanda, akumenya miyendo m'mwamba. Wakodzera mkeka, wakodzera ine, waseka. Zilonda zikuuma. Mwana sasunga mangawa, sanatengere ine.

Bambo ake akudya pang'ono. Foni ikalira akuthamangira, akaona kuti ndi kasitomala, osati achemwali awo, nkhope ikugwa. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene, chomwe chinatuluka n'choti makala atsala pang'ono.

Ndimadziuza kuti akanapanda kundinyoza pachingwe paja sindikanagula botolo. N'zoona ndithu. Koma zoona zimenezi sizikundigonetsa.

Lachiwiri, 19 Ogasiti

Alamu abwera. Anaima panja pa khonde, m'manja jumbo. Nditati lowani, ati, "Paja ndinaletsedwa."

M'jumbomo matewera ansalu atsopano, akusitolo, asanamasulidwe n'komwe. Sindikudziwa kuti aluka mitu ingati kuti awagule. Maso otupa. Ati katoni yonse ya tizovala ta ana awo ayiwotcha, ndi tija ankasungira mdzukulu woyamba tomwe. "Pepani alamu, sindinadziwe kuti nsalu zimasunga matenda. Mwana wa mlongo wanga ndingamupweteke dala ine?"

Anapempha kuti angomuona. Ndinamutulutsa. Anamugwira kaphazi basi, ngati manja awo ndi odetsedwa.

Ndinalandira jumbo. Ndinati zikomo. Ndinawaperekeza mpaka pageti, tikukamba za kuvuta kwa madzi.

Ine amene ndimati sindiopa munthu. Ndabwerera, ndakhala pansi kuseri kwa chitseko, jumbo pamiyendo. Sindinaphike.

Lachitatu, 20 Ogasiti

M'mawa bambo ake akumwa tiyi ndinaika botolo patebulo. Ndinanena zonse mothamanga, maso ali pakapu. Anatsegula, kununkhiza, kutseka. Funso limodzi lokha: "Munadziwa kuyambira Lachinayi?" Ndinati inde.

Sanakalipe. Anavala nsapato n'kunena kuti, "Berekani mwana."

Kusaluni tinapeza anthu. Atsikana awiri oluka, mayi wina mutu uli theka. Ndinapempha kuti tikalankhulire panja. Bambo ake ati ayi, iwo ananyozera pompano, zikonzedwenso pompano. Ndiye ndinanena, pamaso pa magalasi onse aja, kulikonse ndingayang'ane ndikudziona ndekha. Kuti matewera awo analibe kanthu. Kuti mwana ndinamuwotcha ndine. Kuti dzulo ndinalandira kupepesa kosayenera ine.

Alamu zala sizinaime, ankangoluka. Anafunsa kuti mwana ali bwanji. Ndinati akuchira. Ati, "Chachikulu n'chimenecho." Ndinayembekeza chipongwe, ndinali nditachikonzekera. Sichinabwere. Za kundichapira pagulu zija sanazitchule, ndipo nanenso sindinazifafanize.

Kenako anadzutsa mutu, kuyang'ana mlongo wawo. "Mkazi wakoyu ndi mwana, amaopa kusekedwa. Koma iwe ndinakusambitsa, ndinakuchapira zoipa kuposa izi. Unamva mawu amodzi n'kubwera kudzanditukwana osandifunsa. Pita kaye, ndidzakuitana ndekha."

Anaima pamenepo chipewa chili m'manja, bambo wamkulu wandevu. Mayi wa mutu theka uja anayang'ana kukhoma.

Pobwerera anali patsogolo, ine pambuyo. Pamphambano anakhotera kuntchito osacheuka. Madzulo abwera, anyamula Kabwana, asewera naye, adya. Kwa ine "zikomo" wa chakudya basi. Foni ayiika pafupi ndi mbale, sinalire.

Matewera atsopano ndawachapa ndi sopo wamba, ali pachingwe. Nkhani iyi sindiilembanso muno, ndipo wondifunsa sindimuyankha.