Akuti Nankhoma ndi faita

Lolemba, 5 Meyi

Lero ndakwiya mpaka phala ndalisiya m'mbale. Mkazi wanga Nankhoma ali gone pabedi la chipatala, khansa yamudya mpaka mikono yatsala ngati mapesi, ndiye dokotala wina wa magalasi waima kumiyendo n'kumauza mwana wathu Millicent m'Chingerezi kuti mayi anuwa ndi faita. Ndamva ndi makutu angawa. Sukulu sindinapiteko, koma liwu limeneli ndimalidziwa bwino. Kwathu ku Mkanda faita ndi Kefasi, uja anagulula dzino la mlamu wake pa kachasu. Nankhoma chikwatirane chathu sanamenyepo ngakhale galu wolowa m'khitchini. Amangoti choka, galuyo n'kuchokadi.

Millicent akuti, "Ababa, kumeneko n'kuyamikira." Kuyamikira kwanji kotchula munthu wandewu?

Lachiwiri, 6 Meyi

Kani nkhani yake ndi iyi. Akufuna kumutumizanso ku Lilongwe akalandire mankhwala aja a m'mitsempha. Chaka chatha anamuthothola tsitsi, anasanza mpaka ndulu, chotupa osasuntha. Dokotala sanabise, wati mwina angawonjezere masiku, kuchiza ayi. Atachoka, Nankhoma wandikoka malaya: "A Mwale, ine ndikufuna kwathu."

Millicent wamva. Wagwada pambali pa bedi, "Amayi, tifaita. Osagivapa." Amake angomuyang'ana. Adziwa bwanji kugivapa? Mwana ameneyu chikhalire ku Lilongwe, zinthu zikafika powawa amathawira m'Chingerezi ngati mbewa kuuna.

Lachitatu, 7 Meyi

Ku shedi ya odikirira odwala kuli a Zakeyu a ku Mlonyeni, akudwazika mng'ono wawo. Anagwirapo ku migodi ya ku Zambia, Chingerezi amachikhwefula ndithu. Ndawapatsa mbatata yowotcha, ndati tandimasulireni mawu a anthuwa.

Akuti faiti ndi ya zibakera, komanso munthu ukhoza kufaita njala, kufaita tulo, ngakhale kufaita misozi. Ndati misozi ili ndi nkhope yoti uyimenye? Aseka. Akuti kulinso bato, imeneyo ndi ya asilikali, tsiku limodzi la nkhondo. Nkhondo yonseyo ndiye wo. Wo basi! Liwu lalifupi ngati chifuwa cha mbuzi, chinthu chopha mitundu. Kenaka sitirago. Akuti imeneyi ilibe mdani wooneka, ili ngati mbuzi yomangidwa pa keliyala ya njinga, ikuphiriphitha popita ku msika.

Mpaka apo ndimaseka nawo. Koma ndiye awonjezera: "Wodwala khansa akatisiya, azungu amati waluza bato."

Waluza! Ngati ndi mpira wa pa dambo! Ndiye kuti amayi anga analuza, abambo anga analuza, manda onse a kwathu ndi timu ya anthu ogonja? Nanga anawina ndani? Andionetse mmodzi amene anawina, ndikam'gwire chanza. Nkhondo ine ndinaona zotsatira zake, muja ankalowa anthu a ku Mozambiki ndi mabala okulunga m'zitenje. Amenewo ankadziwa dzina la wowathamangitsa. Nankhoma amuthamangitsa ndani?

A Zakeyu akuti ndikukalipira iwo ngati Chingerezi anachipanga ndi iwo. Zoona. Mbatata anadya koma.

Lachinayi, 8 Meyi

Nankhoma sanadye. Wamwa timadzi. Mphepo yozizira yayamba.

Lachisanu, 9 Meyi

Takangana ndi Millicent panja, pansi pa mtengo wa mango, anthu akutiyang'ana. Chayambitsa ndi foni. Waika chithunzi cha amake, pansi pake walemba woliya. Ndafunsa, akuti ndi msilikali wolimba mtima. Abale a ku Chipata onse akuyankha momwemo, woliya, woliya, faiti, faiti. Ali kutali, akudya bwinobwino, akulamula munthu wosatha kutembenuka yekha kuti agwire mkondo.

Ndati, iwe, mayi ako anena chimene akufuna, unamva. Iye akuti, "Inu mukufuna asarende." Limenelinso a Zakeyu anandiuza, ndiko kukweza manja pamaso pa adani. Ndati kupita kunyumba kwako n'kukweza manja? Amene amaweruka kumunda dzuwa likapendeka, wasarenda kwa khasu? Ndinalankhula zambiri, mwina zoposa muyezo. Pakamwa pangapa sipadziwa malire, ndimadziwa.

Ndiye wayamba kulira. M'Chichewa tsopano. "Ababa, ndikawatengera kumudzi, mawa ndidzadziuza chiyani? Kuti ndinawasiya?"

  Koma mkwiyo sunathe. Mawu amenewa ndi amene amuika mwanayu pakona. Akamuuza kuti ndi nkhondo, ndiye aliyense wonena kuti basi amakhala wothawa.

Loweruka, 10 Meyi

Ndinakonzeka kuyambiranso, ndinali nditasanja kale mfundo zanga. Ndangotsegula pakamwa, Nankhoma wati, "A Mwale, takhalani chete." Ndakhala.

Waitana Millicent pafupi. Mawu ake ang'onoang'ono, ndinachita kuwerama kuti ndimve. "Mwanawe, ukuti ndimenyane ndi ndani? Chili m'mimbamu si mlendo, ndi thupi langa lomwe latopa. Ndalima, ndabereka, ndaika ana awiri m'manda. Sindikuthawa munthu. Ndikufuna ndikagone poti ndikadzuka ndizimva nkhuku zanga. Iwe ukakhale pompo, uzikandipesa."

Millicent wawakonzera bulangete, watuluka. Ndamuona pawindo akulankhula ndi nesi nthawi yaitali.

Lamulungu, 11 Meyi

Millicent akuti galimoto ibwera mawa. Yopita kuti, sananene. Inenso sindinafunse, kuopa kuyambitsa wo. A Zakeyu anditsanzika, akuti ndikakhale mphunzitsi wa Chingerezi kumudzi. Chipongwe.

Lolemba, 12 Meyi

Tamunyamula Nankhoma ndi matiresi omwe. Wapepuka ngati mtolo wa fodya wouma. Millicent wakhala kumbuyo, mutu wa amake uli pamiyendo pake, m'manja atagwira botolo la mankhwala oletsa ululu amene nesi wam'patsa. Ine kutsogolo.

Tafika pamphambano, dalaivala waima. "Asisi, tilowere kuti?"

Njinga zikutidutsa, wina wanyamula nkhumba. Ndinaluma lilime mpaka kumva mchere.

"Ku Mkanda," watero Millicent. "Muziyenda pang'onopang'ono m'mabampu."

Titalowa mu msewu wa dothi dalaivala watseka magalasi onse. Nankhoma wanong'ona kanthu, ine sindinamve. Millicent wati, "Amayi, fumbi." Wanong'onanso.

Millicent watambasula dzanja, watsitsa galasi mpaka pansi.