Dambo Lanu Lili M'beseni

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji? Mwendo uja unasiya kuwawa? Ndikhulupirira unasiya, koma mukundidziwa, mtima wanga sukhala pansi ndisanafunse.

Kuno ku Matandani tilipo. Mng'ono wanga Malita anachira bwino, ndi mwana wamkazi, chipumi chanu chenicheni. Masiku awiri amene anali kuchipatala ine sindinadye. Ndinakumbukira mmene munkandinenera kuti, "Iwe Felesiya, umadera nkhawa ngakhale mvula ya chaka chamawa." Chimanga takolola chokwanira, ngakhale anankafumbwe andiyamba kale. Manachesi anu anabereka mpaka nthambi ina inathyoka.

Koma nkhani imene ndakhalira pansi ndi ya kachomera kofiira ka kudambo kwanu, kaja kokhala ndi mame ngakhale dzuwa lili paliwombo. Munandionetsa ndili mwana, tikuchokera kotunga madzi. Munandigwetsa maondo m'matope kuti ndione kantchentche katakanirira pa mame aja ngati pa ulimbo, tsamba likupindika pang'onopang'ono kukafumbata. Ine ndinkafuna tizipita, inu n'kuti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Dzina lake simunandiuze, ndipo mpaka lero palibe amene walitchula.

Chaka chatha achimwene a Yohane anakumba ngalande m'dambomo kuti adzalemo kachewere. Sindikuwaneneza ayi, ana awo ndi ambiri. Koma madzi atayamba kutsika, tizomera tija tinayamba kuuma. Ndinaona kuti tikatha, sipadzakhalanso chinthu chamoyo chimene inu ndi ine tinachigwadira limodzi.

Ndinatenga beseni lanu lakale, ndinamata pong'ambika paja ndi pulasitiki wosungunula, n'kuthiramo dothi. Ndinakazula tizomera ndi mizu yomwe. Kenako ndinachita chimene mlimi aliyense akanachita: ndinasefa manyowa a mbuzi, abwino kwambiri aja ndimasungira tomato, n'kuwaza pamwamba. Ndinkati tadyani, mwavutika mokwanira.

Amayi, sabata isanathe tizomera tonse tinada bii, n'kufa. Ndinatipha ndekha, ndi dzanja langa lofuna zabwino.

Nditabwerera kudambo ndinapeza tatsala tisanu tokha, pafupi ndi kasupe. Ndinakhala pa chulu nthawi yaitali, kuopa kutikhudza. Ndikatisiya tiuma, ndikatitenga nditipha. Pamenepo ndi pamene ndinayang'anitsitsa malowo. Paja chimanga chimachita chikasu, ngakhale bonongwe samerapo. Ndinazindikira kuti kachomeraka kanazolowera dothi losauka, ndipo n'chifukwa chake kamadzigwirira kokha ndiwo zouluka. Ndinakumbukira mawu anu Malita atadwala chikuku: "Wodwala sam'panikiza phala."

Ulendo uno ndinatsuka beseni katatu. Ndinaikamo dothi lakuda lonyowa la pomwepo, ndi ndere zake, kusakaniza ndi mchenga wotsuka. Manyowa ayi, phulusa ayi. Madzi a pamjigo ndinawakana, chifukwa amasiya zoyera mu ketulo. Ndinkapita kukasupe ndi chigubu, mvula itabwera ndinayamba kutchera ya padenga. Ndinaika beseni padzuwa, pamwamba pa thandala kuti nkhuku zisapalase, ndipo m'mbali ndinkataya makoko a nthochi kuti tintchentche tibwere.

Anthu analankhula. Achimwene ankandiseka kuti anzanga akuweta nkhumba, ine ndikuweta udzu wodya nyama, ndisamale ungadzandidye chala. Ena pamjigo ankanong'onezana kuti chitsamba chodya zamoyo sichikhala pakhomo pachabe. Zimenezo zinandiwondetsa. Tsiku lina ndinanyamuladi beseni kuti ndikataye kudzala, koma ndinaona tsamba latsopano likutuluka, lili ndi mame ake. Ndinabweza.

Tsopano mverani. Tonse tisanu tili moyo! Titatu tinatulutsa kaphesi kowonda, pamwamba pake timaluwa tofiirira, totseguka m'mawa n'kutseka masana. Njere zake, zazing'ono ngati fumbi, zinagwera momwemo. Lero beseni lonse lafiira ndi tiana, moti ndalephera kuwerenga. Ine amene nkhuku zimandifera, ine amene ndinasiyira sukulu panjira, ndasunga chinthu chimene dambo lenileni linalephera kusunga.

Lamulungu lapitali achimwene anabwera kudzaona mwana wa Malita. Anaima pa thandala kuti aseke monga mwa masiku onse, koma udzudzu unatera pa tsamba iwo akuona. Anawerama. Anakhala chiweramire mpaka tiyi wawo anazizira. Kenako anandiuza, osandiyang'ana, kuti iwonso munawaonetsapo kachomeraka ali aang'ono, ndipo anali ataiwala. Dzulo anapita ndi khasu, anakwirira ngalande ya pafupi ndi kasupe. Ati pangodya pamenepo sadzalimaponso, kachewere wake sakulaponso bwino. Ine ndinangovomera kuti eya, sakula.

Nkhawa sizinathe, musadabwe. Ndikuopa ng'ombe za anthu, ndikuopa moto wa tchire. Koma madzi ayamba kubwerera pangodya paja, ndawaponda ndekha ndi phazi.

Akadzaza bwino, ndidzanyamula beseni pamutu, ndikabwezeretse theka la tianato kwawo. Theka lina litsala pakhomo. Ndipo mdzukulu wanuyu akadzayamba kuyenda, ndidzam'gwetsa maondo m'matope omwewo mpaka aone tsamba likupindika. Zimenezi ndalonjeza.

Ndine mwana wanu wokukondani, amene sasiya kukusowani,
Felesiya