Duku la m'mimba mwa Tedi

Lolemba, 3 Juni

Mphepo ya ku Chitipa. Fumbi mpaka m'mano. Kusukulu kwafika katoni ya mabuku a zithunzi. A hedi andipatsa asanu a Sitandade 1. Anayi ndi wamba. Buku lachisanulo ndiye landigwira mtima: chidole cha chimbalangondo, chakalekale, diso limodzi, khutu lolendewera, ubweya wothothoka pamimba pomwe mwana amagwira. Wojambulayo ndi katswiri. Ngakhale ulusi wa pachigamba ukuoneka, wokhotakhota. Munthu ameneyu anachionadi chidole chokondedwa, sanangopeka. Tsamba lomaliza linang'ambika.

Lachitatu, 5 Juni

Ndawawerengera ana. Chizungu samva, Chichewa changa cha ku Ntcheu amangotolamo apa ndi apo, koma zithunzi zalankhula zokha. Ana 84, kalasi yonse zii. Nkhani yake: mayi akufuna kutaya chidolecho, mwana akuchibisa. Bukulo lathera pomwe mayiyo wachipeza kunsi kwa bedi. "Ndiye zinatha bwanji, Madamu?" Nanenso sindikudziwa.

Uchizi, kamtsikana kamene sindinakamvepo mawu chifikire kuno, kanabwera kutsogolo n'kuika chala pa diso losowalo. Mayi ake anamwalira chaka chatha.

Lachisanu, 7 Juni

Uchizi wabwera ndi chidole chake cha chimbalangondo, atachibereka kumsana ngati mwana. Tedi wa pakaunjika, wakuda bii ndi utsi. Mimba yotupa mbali imodzi, yosokedwa ndi ulusi wa thumba la feteleza. Anzake amuseka. Zandipweteka. Ndamuuza andibwereke mpaka Lolemba ndikamukonzetsere. Anapukusa mutu. Ndinaumirira, paja ine ndikafuna kuchita zabwino sindimva za munthu. Wapereka ndi manja awiri, osalira.

Sopo ndagula kale.

Loweruka, 8 Juni

Manyazi.

Ndinapita naye Tedi kwa a Anock, telala wa pakhonde la sitolo ku Kaseye. Malamulo anga: tumbulani mimba, zam'katimo mutaye, muikemo thonje latsopano, kuchapa ndikachapa ndekha. Ndinapita kukagula matimati. Pobwera ndinapeza makina ali phee, iwo atayala pamiyendo duku lobiriwira lamaluwa lomwe analitulutsa m'mimba mwa Tedi. Kuno aphunzitsi amati asambizgi.

"Asambizgi, iyi si sanza yotaya. Ndi duku la nyina wa mwana uja. Ndinapinda m'mphepete ndine."

Akuti maliro atatha, abale anagawana zovala za malemu monga mwa mwambo, mpaka masilipasi. Mwana sanamuwerengere, ati ngwamng'ono. A Anock atayang'ana msoko wa pamimba paja anati, "Dzanja ili ndi la mwamuna wosadziwa singano."

Ndikanapita kwa telala wina, bwenzi duku lija pano lili kudzala.

Zimene anachita kenako sindidzaiwala. Analipinda motsata mizere yake yakale, n'kulibwezeramo. Ulusi womwe uja wa feteleza, anali atausunga pakhutu. Singano kuilowetsa m'mabowo omwe aja, limodzilimodzi, mokhotakhota momwe zinalili. Munthu amene amasoka masuti a ukwati, ola lathunthu akuyesetsa kusoka moipa. Ine ndili chilili, matimati m'manja. Sanandinyoze ngakhale ndi diso. Anangoti, "Mukachape zanu, ichi ayi."

Lamulungu, 9 Juni

Sindinathe kudikira Lolemba. Titaweruka kutchalitchi ndinauyamba wapansi kumudzi kwa Uchizi, Tedi ali m'chikwama. Ndinapeza bambo ake, a Cornelius, akutonola chimanga. Moni wautali, yewo, yewo. Kenako anati mwana sanadye bwino chiyambire Lachisanu. Ndinafunsa bwanji sanabwere kudzamutenga Tedi. "Tinati asambizgi akudziwa chimene akuchita." Bola akanandikalipira.

Ndinaulula zonse. Anasisita chitsononkho. Kenako motsitsa mawu: "Ndinaba duku la mkazi wanga yemwe. Alamu asadziwe." Analibisa m'malaya tsiku la kugawana, mawa lake analisokera m'mimba mwa Tedi kuseri kwa nkhokwe. Manja aakulu, okhakhala ndi khasu. Ndinawayang'ana manjawo. Bambo ameneyu ndamupatsa ulemu.

Uchizi anatuluka m'nyumba. Sanandiyang'ane. Anamulanda Tedi, kuyendetsa chala pamsoko mpaka kumapeto, kenako mphuno pamimba. Anapuma kamodzi, kwautali. Atatero anapita kukakhala pafupi ndi mbale ya mbatata.

Lachiwiri, 11 Juni

Ana akuti buku lomwe lija, kachitatu tsopano. Ndinawerenga mpaka pong'ambika paja, ndipo funso linali lomwe lija. Ndisanayankhe, mawu kumbuyo, aang'ono, osasa.

"Sanachitaye. Sanachichapenso."

Uchizi. Kalasi yonse inacheuka. Ine ndinayang'ana pabolodi kaye, ana asaone maso anga.

Pa buleki ndamata pepala loyera kumapeto kwa buku, ndamupatsa Uchizi makrayoni kuti amalizitse. Wojambula uja, kulikonse kumene ali, sindikukhulupirira kuti angadandaule. Uchizi mutu wa Tedi wajambula ngati dzungu, miyendo itatu. Atafika pamimba anasiya, n'kufufuza m'kabokosi mpaka anapeza wobiriwira.