Masipika a Na-gyeong

Daegu, Novembala

Mlongo wanga Deok-hwan,

Ndikhulupirira kalata ino ikupeza uli bwino ku Qatar kumeneko, ndipo msana uja wasiya kukuvuta. Kuno tilipo. Kuzizira kwayamba, mawondo anga nawo ayambiranso zawo zija.

Ndalemba kalata dala, chifukwa pa foni umadula munthu pakamwa. Mahedifoni odula amene unalonjeza mwana wako pa tsiku lake lobadwa, usagule.

Mwezi watha ndinaitana mwana wakoyo, Na-gyeong, kuti adzadye, ali chapafupi pomwepa, koma osacheuka. Ndinayesa mwano. Nditamugwira paphewa anadzidzimuka, kenako n'kuulula kuti khutu lamanzere lakhala likumulira ngati nyenje chiyambire nyengo yotentha. Adokotala atamupima anati khutulo lawonongeka pang'ono ndi timahedifoni tija amatsekera m'makutu m'basi ndi powerenga. Chimene chatayika sichibwerera, koma chotsalacho chipulumuka akasiya kuika chilichonse m'khutu.

Titabwerera pakhomo anangoti, "Azakhali, adadi musawauze. Anena kuti ndaziyamba dala." Kuyambira pamenepo m'chipinda mwake munali zii, mpunga n'kumangoutokosa ndi timitengo todyera. Sindinazikonde.

Loweruka ndinamukokera kumsika wa zamagetsi. Ine za masipika ndidziwa chiyani? Bambo wina wogulitsa zogwiritsidwa kale ntchito, a Pyo, anatitulutsira zimasipika zondifika m'chiuno. Ndinawauza kuti makoma athu ndi opyapyala, ndipo mayi Bong okhala m'nyumba yapansi pa yathu amagogoda denga ndi tsache ndikangogwetsa supuni. A Pyo anaseka nati, "Ndiye mayi mukufuna nyimbo zonong'ona?"

Na-gyeong sanaseke nawo. Anazungulira yekha m'sitolomo, n'kuloza timasipika tiwiri tamatabwa, kamodzi kokalika m'mbali, ndi ampulifaya yaing'ono yolumikiza ku foni. A Pyo anati n'zotchipa, besi yake, kugunda kwa mawu kuja, ndi yochepa, ana amakono sazicheukira n'komwe. Iye anati angoyesako.

Anaika nyimbo, n'kukhala pakati pa timasipikato. Pa ampulifayapo pali kabatani kokankhira mawu mbali imodzi. Anakapotoza pang'onopang'ono chakumanzere, ndipo ndinaona nkhope yake ikumasuka. Anati, "Woimbayo wabwerera pakati." Ine sindinamve kusiyana kulikonse, koma ndinalipira osanenerera.

Tsopano nyimbo zimamveka nyumba yonse, motsitsa, ndipo mpamene ndadziwa zomwe mwana wako wakhala akumvera. Dzana ndikuthira mchere kabichi wa kimchi, ndiwo yathu yowawasa ija, ndinamva mawu a mtsikana ndi gitala, nyimbo yofatsa ya munthu wodikira pabwalo la ndege. Ndinafunsa kuti ameneyu ndiye ndani, woimba ngati ali ndi chimfine. Anayankha atazyolika kuti, "Ndine, azakhali."

Deok-hwan, mwanayu wakhala akupeka nyimbo zake ndi gitala ya mnzake wakusukulu, kujambula pa foni, n'kumadzimvera yekha m'makutu. Ndamulera chichokereni iwe, koma sindimadziwa. Ndinakhala pansi ndi manja amcherewo n'kumuuza kuti aibwereze. Ya chimfine ija ndinapepesa, iye n'kuseka.

Ndamuuza kuti ndikukulembera zonsezi. Analira, koma sanandiletse.

Ndiye ndikupemphe. Ukaimba foni Lamulungu, usayambire za khutu. Adokotala ananena kale zokwanira, ndipo iye mwini akudziimba mlandu tsiku ndi tsiku. Umuuze akuikire nyimbo yakeyo, ndipo ukhale chete mpaka ithe. Mawu ake sindikulembera pano, chifukwa anapekera iweyo.

Undiperekere moni kwa msuweni wathu Gil-su, umuuze kuti mayi ake akudandaula kuti wasowa. Mulungu akusunge pamwamba pa zitsulo mumakwera kuntchito zija, akubwezere kwathu wamphumphu.

Ndine mlongo wako,
Myeong-suk