Ndine Ndinalemba FEIRA pa Kompyuta ya ku Ofesi

Kanyama,
Lusaka.
21 Febuluwale 1999

Okondedwa Atate,

Ndayamba ndi kugwada ngakhale simukundiona. Muli bwanji kumeneko ku Kavalamanja? Maso aja akuchitabe chifunga, kapena mankhwala a kuchipatala anathandizako? Nanga mwendo wa Amayi? Ine kuno ndili bwino, kupatula chimfine chimene chinandigwira sabata yatha, koma chapita. Lena mng'ono wanga, ndikudziwa kuti ndiwe ukuwerenga kalatayi. Uwerenge pang'onopang'ono, usathamange monga umachitira kutchalitchi, ndipo usadumphe kanthu.

Mvula kuno yatikwana. Kanyama yense wasanduka dziwe, moti m'mawa ndimanyamula nsapato m'manja mpaka pamsewu waukulu, n'kukatsuka mapazi pampopi wa kuntchito. Anthu a m'tauni akaona madzi ofika m'mawondo amalira ngati Zambezi wawatsatira, ine ndimangoseka. Denga likudontha pakona pamene panali bedi, ndiye bedilo ndinalisuntha, poti eni nyumba ukawauza amangoti mawa. Masawu ouma amene Amayi anatumiza ndinalandira, ndipo anzanga a pa lendi anatha theka tsiku lomwelo.

Tsopano nkhani imene yandilembetsa kalatayi. Mukhale pansi bwino, Atate, chifukwa poyamba ikuopsani. Ntchito inatsala pang'ono kundithera, ndipo chifukwa chake anali masewera.

Mukudziwa kuti pa kampani ya malole ija ine ndine wosesa ndi wophika tiyi. Chaka chatha anabweretsa makompyuta. Ndi makina okhala ndi galasi ngati wailesi ya kanema, ali ndi mabatani a zilembo, ndipo amalumikizana pa waya wa foni ndi anzawo a m'maofesi athu a ku Ndola, ku Chirundu ndi ku Harare. Tsiku limene anafika, a manejala athu, Mayi Verónica, anatisonkhanitsa ife osesa, alonda ndi madalaivala, n'kutiuza kuti aliyense wogwira makinawo amene si kalaliki, ntchito yake yathera pomwepo. Ine anandilola kupukuta fumbi basi, ndi kansalu kouma.

M'makinamo muli masewera ena a mawu. Pagalasi pamabwera bokosi lodzaza zilembo zosakanikirana, ndipo munthu ayenera kupezamo mawu a Chingerezi obisika, ena chopingasa, ena chotsika, ena chopendekera, mphindi zitatu zisanathe. Liwu lililonse lili ndi mapointi ake, likakhala lalitali amachuluka. Ukachita bwino makina amakufunsa dzina n'kuliika pa mndandanda wa anthu khumi opambana m'maofesi onse anayi. Pamwamba penipeni panali munthu wa ku Harare ndi mapointi 610, ndipo anakhalapo miyezi isanu ndi iwiri osagwedezeka. Wachiwiri anali mkulu wa makalaliki athu, a Whiteson, ndi 455. Bambo amenewa nkhani yawo inali yomweyo kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu. Munthu wamkulu, wa imvi, tayi pakhosi, koma akamasewera lilime limakhala panja.

Ndikawapatsa tiyi ndinkaima kumbuyo kwawo pang'ono, ngati ndikudikira kapu. Atate, mawu ndinkawaona ali poyera, iwo akungodutsa pamwamba pake. Chala chinkandiyabwa kuti ndiloze, koma ndinkachibisa mu epuloni.

Mukukumbuka pansi pa msawu paja, pamene munkandiphunzitsa kusoka ukonde nditasiya sukulu? Ine ndinkafufuza diso limodzilimodzi mphuno ili pa ulusi, inu n'kundikoka phewa kuti ndibwerere m'mbuyo mapazi awiri, ndione ukonde wonse pamodzi, pong'ambika padzionetse pokha. Munkanenanso kuti ulusi wa ukonde suyenda chowongoka koma chopendekera, ndiye diso liziutsata momwemo. A Whiteson amawerenga bokosi lija mzere ndi mzere ngati nyuzipepala. Ine ndinkaliona ngati ukonde woyanika. Chingerezi chake ndi cha Giredi 9 chomwe chija, kuwonjezapo mapepala a mu ofesi amene ndimayamba ndawerenga ndisanawataye m'bini.

Nthawi ya nkhomaliro onse amapita kukadya tsidya la msewu, ine n'kutsala ndikukolopa. Tsiku lina mu Novembala a Whiteson anachoka masewera ali pagalasi. Ndinazungulira tebulo lawo katatu ndi chikolopa. Kachinayi ndinakhala pampando. Sindikudzikometsa, ndinkadziwa kuti ndikulakwa. Tsiku limenelo ndinapeza 180 basi, chifukwa zilembo ndinkazisaka pa mabatani ndi chala chimodzi. Mawa lake ndinapeza 240. Pofika Khirisimasi zala zinali zitazolowera, ndipo ndinalowa pa mndandanda.

Apo makina anandifunsa dzina. Kulemba Emelina kunali kudzichotsa ntchito ndekha. Ndiye ndinalemba FEIRA, dzina lakale la boma la kwathu. Ndinati palibe angandiganizire, poti zaka zitatu zimene ndagwira pamenepo palibe ndi mmodzi yemwe anandifunsapo kuti kwathu n'kuti.

Kuyambira pamenepo FEIRA anayamba kukwera. Nambala naini, seveni, folo, mpaka kufika kumbuyo kwenikweni kwa a Whiteson. Apa ndiye ndinkaima. Mapointi akafika cha pa 450 ndinkachotsa manja pa mabatani n'kuwaika pamiyendo, ndikupenya nthawi ikutha, mawu ena ndikuwaona bwinobwino. Munatilera kuti akulu akakhala pampando mwana amakhala pamphasa. Ine wosesa ndikakhale pamwamba pa munthu wa msinkhu wanu? Ndinkaona kuti n'chipongwe. Koma zinkandiwawa, sindinama, ndipo mu minibasi popita kunyumba ndinkangokumbukira mawu amene ndawasiya.

Chimene sindinaganize n'chakuti tsiku lililonse dzinalo linkalowanso. Posakhalitsa mndandanda unadzaza FEIRA yekhayekha, 448, 450, 452, ndipo makalaliki a ku Ndola amene mayina awo anagwa anayamba kuimba foni kufunsa kuti ameneyu ndani. Makalaliki athu onse anakana. Mayi Verónica anati ndiye kuti pali wina amene akuswa lamulo lawo, ndipo amupeza.

Amene anawaganizira anali a Lovewell, mlonda wa pageti. Kwawo ndi ku Mphuka, ku Feira kwathu konko, mwina abale awo mukuwadziwa. Bambo amenewa aliyense wolowa pageti amayamba wamva za Feira, kutentha kwake, mvuu zake, ndi nsomba zake zimene ati za ku Kafue sizingafikeko. Ndiponso masana makiyi amakhala ndi iwo. Za ine palibe anaganizako, ngati kuti chikolopa chimayenda chokha.

Lachiwiri lapitali anawaitana mu ofesi. Ine ndinalowa ndi thireyi ya tiyi n'kuwapeza ataima, chipewa chili m'manja. Ankalumbira kuti makinawo sadziwa n'koyatsira komwe, ndiponso kuti sukulu analekezera Giredi 4. Mayi Verónica anati dzina ndi la kwawo, makiyi ndi awo, abweze yunifomu Lachisanu. Ndi bambo wa ana asanu ndi mmodzi, Atate.

Ndinaika thireyi patebulo. Ndinaganiza za inu ndi Amayi, za mankhwala a maso, ndi za kutsika lole kumudzi ndi kachikwama kokha anthu akundiyang'ana. Mantha anandigwira kwambiri, moti ndinafika mpaka pachitseko. Kenako ndinabwerera n'kugwada.

"Madamu, a Lovewell alibe mlandu. FEIRA ndine."

Makalaliki anaphulika kuseka. A Whiteson anafunsa ngati a Lovewell ndi amalume anga kuti ndiziwafera chotere. Mayi Verónica okha ndiwo sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kuloza mpando wa a Whiteson, nati ngati ndine ndisewere onse akuona.

Ndinakhala ndi epuloni yanga yonyowa, ofesi yonse itaunjikana kumbuyo kwanga. Bokosi litabwera ndinatsamira m'mbuyo, monga munkandikokera phewa muja, mawu n'kuyamba kudzionetsa okha. Kuseka kunatha. Koma nditafika pa 450 manja anachoka okha pa mabatani, patatsala mphindi yathunthu.

"Manje waimilira chani?" anafunsa Mayi Verónica.

Ndinayankha ndikuyang'ana pansi kuti sindingapitirire a Whiteson, ndi akulu, kwathu sititero. A Whiteson anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi, ndipo anawapukuta nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira. Ine ndinati basi, ntchito yatha, ndawachititsa manyazi pamaso pa makalaliki awo.

"Mwana wanga," anatero, "miyezi seveni a ku Harare atiseka pa foni. Iwe uli na mankhwala m'thumba, ubisa chifukwa cha ine? Yambanso. Ukaimilira, nizakuchotsa nchito ine neka."

Ndinayambanso. Ulendo uno sindinaime. Pa 455 ndinadutsa ndikupepesa mumtima, pa 610 ndinamva wina kumbuyo akuitana Yesu, ndipo nthawi itatha pagalasi panali 688. Mawu ambiri anali opendekera aja amene anzanga sawaona. A Lovewell sankadziwa kuti 688 n'chiyani, koma atamva kuti Feira wagwetsa Harare anavala chipewa chawo n'kupita kukauza madalaivala pageti. A Whiteson anaimba okha foni ku Harare. Ndinawamva akuti amene wakugwetsaniyo ndi wophika tiyi chabe, nanga tikadzatumiza kalaliki zidzatha bwanji.

Lachinayi Mayi Verónica anandiitana n'kundipatsa envelopu. Munali makalata awiri. Yoyamba inali yondichenjeza chifukwa chogwira makina popanda chilolezo. Anati lamulo ndi lamulo, ndipo ndinasaina osatsutsa, poti n'zoona ndinalakwa, n'kutsala pang'ono kuphetsa munthu wosalakwa. A Lovewell ndinakawapepesa pageti ndipo anandikhululukira, koma anandikalipira kuti mwana wa kwawo ndakhala bwanji zaka zitatu osadziulula. Kalata yachiwiri ikuti kuyambira pa 15 Malichi andiyesa miyezi itatu pa ntchito yolemba katundu wa malole mu kompyuta. Koma akufuna ndionetse setifiketi yanga ya Giredi 9 tsikulo lisanafike. Popanda imeneyo a kulikulu salola, ndipo mpandowo apatsa wina.

Pempho langa ndi limeneli, Atate. Setifiketiyo ili m'sutikesi yachitsulo ya Amayi, pansi penipeni, m'kati mwa buku la nyimbo lakale lija. Ndamva kuti a Margarida a kwa amalume akubwera ndi nsomba kumsika wa Soweto kumayambiriro kwa mwezi. Muwapatse iwowo m'manja, osati wina aliyense, ndipo ine ndikawapeza kumsikako. Muikulunge m'pulasitiki kawiri kuti isanyowe pa lole, ndiponso kuti isafike mu ofesi ya a manejala ikununkha nsomba. Lena, usaipinde.

Pali chinanso. Tsiku limene ndinkakwera lole kubwera kuno ndinanena mawu oipa. Ndinati munandisiyitsa sukulu kuti ndiwolere pa maukonde, ndipo ukonde sunapindulitsepo munthu. Inu munangondinyamulira chikwama mpaka pamsewu. Zaka zonsezi mawu amenewo akhala akundilemera, koma kalata iliyonse ndinkawazemba. Lero ndikuwabweza. Mundikhululukire, Atate. Ndine wonyada kwambiri ndi zimene zachitikazi, moti ndikayenda m'khonde la ofesi ndimadzimva kutalika, ndipo ndikudziwa kumene maso amenewa ndinawatenga.

Masewera aja atatha, makina anafunsa dzina monga mwa masiku onse. A Whiteson anati tsopano ndilembe langa lenileni, za Feira zakwana. Ndinalemba lina. Anafunsa kuti ameneyu ndaninso, ine n'kuwauza kuti ndi amene anandiphunzitsa. Lena, dzinalo ndi ili, FIDELIS, koma usalitchule, pakamwa pathu si pake. Ungowauza Atate kuti ndi lawo. Mmene mukumva kalatayi lili pamwamba ku Lusaka, ku Ndola, ku Chirundu ndi ku Harare, ndipo kalaliki aliyense wotsegula masewerawo amayamba wawerenga limenelo.

Mundiperekere moni kwa Amayi, muwauze kuti chitenje chawo ndidzapatsa a Margarida pobwerera. Moni kwa amalume ndi banja lawo lonse, kwa azakhali ku Mburuma mukapeza wopita, ndi kwa alamu ndi ana. Iwe Lena, zikomo powerenga, ndipo ngati walira upukute m'maso usananyowetse pepala. A Lovewell, amene ndinawafotokozera za ukonde wanu, akupereka moni wambiri. Ati akadzabwera pa tchuthi adzafika pakhomo kudzaona ukonde umene unagwetsa Harare, ndiye musautaye ngakhale wakalamba.

Mulungu akusungeni nonse mpaka tidzaonane.

Ine mwana wanu,
Emelina